Dr. Dre

Dr. Dre (Andre Young) ndi katswiri wokonza nyimbo za rap, wobadwira ku Compton, California, mu 1965. Anatchukira m'gulu la N.W.A, koma chimbale chomwe chinatembenuza zinthu ndi The Chronic cha mu 1992. M'menemo anabwereka kaimbidwe ka woimba funk George Clinton, nachedwetsa ng'oma, besi n'kukhala yolemera pansi pa kamawu ka kiyibodi kolira mopyapyala. Ndiyo G-funk imeneyo, yomwe inalowetsa rap ya m'misewu pa mawailesi. Zimbale zakezake ndi zitatu zokha, zinazo ndi 2001 (chinatuluka mu 1999) ndi Compton (2015). Mphamvu zambiri anathera potukula ena: Snoop Dogg, kenaka Eminem ndi 50 Cent kudzera ku kampani yake ya Aftermath.