Salamanca: Kachule, Galamala ndi Ndende

Mzinda wa Salamanca uli kumadzulo kwa dziko la Spain, m'mbali mwa mtsinje wa Tormes. Yunivesite yake inakhazikitsidwa ndi Mfumu Alfonso IX m'chaka cha 1218, ndipo nyumba zake zakale anazimanga ndi mwala wa ku Villamayor, umene umawala ngati golide dzuwa likapendeka. Alendo amaunjikana pakhomo la yunivesiteyo, makosi ali m'mwamba, kufunafuna kachule kosemedwa pamwamba pa chibade cha munthu. Ati wophunzira amene wakaona popanda womulozera amakhoza mayeso. Pofunafuna kachuleko, ambiri amafulatira chiboliboli chimene chili pabwalo lomwelo, chikhalirecho mbiri yeniyeni ya mzindawu yagona pamenepo.

Mbiriyo ndi ya chilankhulo. Kwa zaka mazanamazana maphunziro onse ankachitika m'Chilatini, pamene chilankhulo cha ku Castile, chimene lero chimatchedwa Chisipanishi, chinali cha kumsika ndi kukhitchini. M'chaka cha 1492 mphunzitsi wa pamalopo, Antonio de Nebrija, anasindikiza galamala yoyamba ya chilankhulocho. Ophunzira anzake sanaione ngati kanthu: panatha zaka zoposa 200 bukulo lisanasindikizidwenso. Mwini wakeyo anagonja pa mpikisano wa mpando wa uphunzitsi mu 1513, nasamukira ku Alcalá. Komabe Nebrija sayenera kutamandidwa mopitirira muyeso, pakuti m'mawu ake oyamba anauza Mfumukazi Isabel kuti galamalayo idzathandiza kuphunzitsa mitundu yogonjetsedwa. Chilankhulo chonyozeka kwawo chinakakhala goli pakhosi pa anthu a ku America.

Chiboliboli chija ndi cha Luis de León, wansembe ndiponso katswiri wa Chiheberi. Mu 1572 bwalo la Inquisition, lozenga milandu ya chikhulupiriro, linamutsekera m'ndende ku Valladolid. Umodzi mwa milandu yake unali womasulira Nyimbo ya Solomo m'chilankhulo cha anthu wamba. Winanso unali woti ankakhulupirira malemba a Chiheberi kuposa Baibulo la Chilatini. Omuneneza anali aphunzitsi anzake, monga zimakhalira kawirikawiri m'mayunivesite. Anatuluka kumapeto kwa 1576 atapezeka wosalakwa, nabwerera kukaphunzitsa.

Chipinda chotchedwa dzina lake chikadalipo. N'chamdima, ndipo mabenchi ake ndi mitanda yopapatiza yongopala ndi nkhwangwa, yodzaza ndi mayina amene ophunzira ankazokota ndi mipeni.