Mangosuthu Buthelezi, mwana wa Magogo

Sabata ino tikambe za Mangosuthu Buthelezi. Adabadwa mu 1928 ku Mahlabathini, ndipo mayi ake, Magogo, anali mwana wa mfumu Dinuzulu. Ku Fort Hare adam'thamangitsa mu 1950 kaamba ka ndale. Mu 1975 adayambitsa Inkatha uku akulamulira KwaZulu pansi pa boma la tsankho. Ufulu wachiphamaso womwe azungu ankapereka adaukana, komanso nkhondo ya ANC sadaifune. Apa m'pomwe padavuta: otsatira Inkatha ndi a ANC adaphana, anthu zikwizikwi n'kutha. Chisankho cha 1994 adalowa kutatsala sabata imodzi, Mandela n'kumupatsa unduna wa za m'dziko. Atamwalira mu 2023, ena adalira mtsogoleri, ena adakumbukira manda a abale awo.