Nyanja ya Makolo Athu M'maso mwa Alendo

Tsiku lotsatira Eid, mabanja ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota amamanga kamba n'kupita kugombe kuti ana akasewere pamchenga. Ena mwa ife tinabwererapo pachipata cha malo ogona alendo, mlonda atatiuza kuti gombelo lili ndi mwini wake. Agogo athu akanadabwa kumva mawu otere, pakuti m'masiku awo nyanja inali msewu, munda ndiponso chitsime cha aliyense. Mbiri ya m'mene nyanjayi inasandukira malo okaonako zachilengedwe ikutikhudza ife tonse okhala m'mphepete mwake.

M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota ndipo anatenga dzina laufumu loti Jumbe. Zombo zamatanga zinkawoloka kuchokera kumeneko kupita kutsidya la kum'mawa, kumene njira zapamtunda zinkalowera ku Kilwa. Mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda nawonso anali pa malonda amenewa. Njira yomweyo inabweretsa nsalu, mikanda, zilembo za Chiarabu ndi Chisilamu chimene timachinyadira lero. Koma tisabise kuti zombo zomwezo zinkanyamula minyanga ya njovu pamodzi ndi anthu ogulitsidwa ukapolo. Njovu zimene lero timalipira kuti tikazione ku Liwonde zinaphedwa zochuluka m'nthawi imeneyo.

David Livingstone anafika panyanjayi mu 1859, ndipo nkhani zake zinakopa anthu a ku Scotland. Mu 1875 amishoni, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anadza ndi sitima yaing'ono yotchedwa Ilala. Mfumu Mponda inawalola kukhala pafupi ndi mudzi wa Chembe, malo amene Livingstone anawatcha Cape Maclear. Malungo anawasautsa kwambiri, kotero kuti mu 1881 anasamukira ku Bandawe, n'kusiya manda amene alipo mpaka pano. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga la Fort Johnston pamtsinje wa Shire, ndipo pofika 1895 mphamvu za Makanjira zinali zitathyoledwa. Kuyambira pamenepo, oweruza za nyanja anakhala atsamunda.

Azungu a ku Zomba ndi Blantyre ndiwo anayamba kubwera kunyanja kudzangopuma basi. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinayamba kuima ku Cape Maclear paulendo wa pakati pa Britain ndi South Africa, ndipo apaulendo ankagona pahotela imene inamangidwa kumeneko. Ndegezo zinasiya kubwera patangopita pafupifupi chaka, koma mbiri ya madzi oyera ndi zilumba za Domwe ndi Thumbi inali itafika kutali. Mu 1951 sitima ya Ilala imene timaidziwa lero inayamba maulendo ake. Pang'ono ndi pang'ono, mahotela ndi nyumba zopumulirako zinandanda m'gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, komanso ku Senga Bay.

Pa nthawi yomweyo akatswiri a sayansi anayamba kuchita chidwi ndi mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala, timene asodzi athu sankatiwerengera kwenikweni. Anapeza kuti nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba mazanamazana imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo mbuna zina zimakhala pachilumba chimodzi chokha. Chifukwa cha ichi, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Midzi ngati Chembe inatsala m'kati mwa malo otetezedwawo, anthu ake akutsata malamulo atsopano pa nkhuni ndi pa usodzi wa pafupi ndi miyala.

Zokopa alendo zinadzetsa ntchito ndi ndalama, ndipo anyamata athu ambiri aphunzitsa ana awo ndi ndalama zoyendetsa mabwato a alendo. Zinadzetsanso mipanda yotseka njira zopita kudooko, mowa ndi makhalidwe amene makolo achisilamu amadandaula nawo. Komabe sitingaloze chala alendo pa zonse. Chambo cha m'nyanja ya Malombe chinatsika koopsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo anachitsitsa ndi makoka athu a maso ang'onoang'ono, amene ankakokolola ana a nsomba ndi kuwononga udzu wa pansi pamadzi. Mpaka lero masikito amene timalandira kuti titeteze ana ku malungo amapezeka akukokedwa m'madzi. Ameneyo ndi mlandu wathu.

Pali amene amaganiza kuti kuteteza zachilengedwe ndi nzeru yobwera ndi azungu. Chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, chimatsutsa maganizo amenewa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa Makanjira wa kumeneko wakhala ukutseka usodzi pachilumbacho m'miyezi ya dzinja, kuyambira mu Disembala, kuti nsomba ziswane. Mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Ofufuza a kunja amapita kukaphunzira dongosolo limeneli, chifukwa utaka wa ku Mbenji wakhala ukupezekabe pamene madooko ena akulira. Lamulo lochokera kwa eni nyanja lagwira ntchito kwa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

Chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kuti munthu ndi khalifa padziko, wosungitsidwa zimene Allah analenga, ndipo adzafunsidwa za m'mene anazisungira. Chimatilimbikitsanso kuyenda ndi kuyang'ana zolengedwa kuti tizindikire ukulu wa Mlengi. Choncho kupita kunyanja kukaona nyama ndi mbalame si mwambo wa alendo okha. N'zomvetsa chisoni kuti munthu amachoka ku London kudzaona nkhwazi ikutsika kuthyola nsomba pamadzi, pamene mwana wobadwira ku Makawa kapena ku Chipoka amadziwa nsomba ikakhala pathandala kapena m'mbale basi.

Mwana wosadziwa chinthu sangachiteteze. Makolo ndi aphunzitsi a m'madrasa angathe kusonkha kangachepe n'kutenga ana ulendo wa tsiku limodzi. Ku Cape Maclear, mbuna zimaoneka m'madzi osaya a pakati pa miyala, ndipo m'mapiri mwake muli anyani ndi apusi. Pachilumba cha Boadzulu mbalame zodya nsomba zimasonkhana zambirimbiri. Ku Liwonde, malo otetezedwa kuyambira 1973, mvuu, ng'ona ndi njovu zimaoneka m'mphepete mwa Shire. Amalawi amalipira ndalama yocheperapo kusiyana ndi alendo a kunja polowa m'malo amenewa. Tinyamule mkeka woswalira, tisamale ana pamadzi makamaka mwera ukamawomba, ndipo mapepala apulasitiki tibwerere nawo kunyumba.

Tiyeneranso kulankhula ndi mafumu ndi makhonsolo athu nthawi iliyonse pamene malo a m'gombe akugulitsidwa, kuti njira yopita kumadzi isatsekedwe. Amayi amachapa kumeneko, asodzi amakocheza kumeneko, ndipo ana amaphunzira kusambira kumeneko. Makolo athu anatisiyira nyanja yodzaza ndi nsomba ndi magombe otseguka. Zidzukulu zathu zidzatifunsa za chambo ndi za njira ya kudooko, ndipo Insha Allah tidzakhale ndi chowayankha.