Mbiri ya Kuonerera Mbalame m'Nkhalango za Malawi

Kuonerera mbalame, komwe ndi kuyenda m'tchire ndi magalasi oonera patali pofuna kuzindikira mitundu ya mbalame popanda kuzipha, kudayamba m'Malawi ngati ntchito ya mfuti. M'zaka za m'ma 1890, Alexander Whyte, amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston ku Zomba, ankatolera mbalame m'mapiri a Zomba ndi Mulanje n'kutumiza zikopa zake ku London, kumene akatswiri ankazipatsa maina a Chilatini. Mu 1930 Charles Belcher adasindikiza buku la mbalame za dziko lino, lomwe panthawiyo linkatchedwa Nyasaland, ndipo C. W. Benson, yemwe adali mkulu wa boma m'maboma osiyanasiyana, adatulutsa mndandanda wake wa mbalamezi mu 1953.

Komabe mbiriyi siingakhale yolungama ngati itasiya dzina la Jali Makawa, munthu amene adagwira ntchito ndi Benson kwa zaka makumi angapo. Makawa ankazindikira mbalame pongomva kulira kwake, ndiponso ankatha kuiyeseza mpaka mbalameyo kuyandikira, luso limene linali lofunika kwambiri m'nkhalango zowirira momwe maso saona patali. Iye adapita ndi Benson ku zilumba za Comoro mu 1958, ndipo mu 1964, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, adapeza kambalame kamene kadatchedwa Pogoniulus makawai polemekeza dzina lake. Nzomvetsa chisoni kuti ana asukulu ambiri sadamvepo za munthu ameneyu, pamene mabuku omwe alendo amanyamula lero adamangidwa, mbali ina, pa makutu ake.

Malo otetezedwa atakhazikitsidwa, monga Nyika mu 1965 ndi Liwonde mu 1973, mfuti idayamba kusiyira malo magalasi ndi kope lolembamo, ndipo buku la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la mu 2006 lidasonyeza komwe mitundu pafupifupi 650 imapezeka m'dziko muno. Ku Liwonde alendo amayenda pa bwato mu Shire kufunafuna nkhwazi ndi kadzidzi wamkulu wodya nsomba, pamene m'mitengo ya tsanya mumakhala tizinkhwe tobiriwira totchedwa Lilian's lovebird, tomwe timagona m'mphako za mitengoyo. Tizinkhwe timeneti takhala tikufa chifukwa cha poizoni amene opha nyama mozemba amathira m'maiwe, vuto lomwe katswiri wa ku Malawi, Tiwonge Mzumara, adalifufuza mozama. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira Liwonde mu 2015, n'kubwezeretsamo nyama zolusa kuyambira mu 2017, miimba yomwe idasowa kwa nthawi yaitali idayambanso kutera pa zotsala za nyamazo, ndipo otsogolera alendo, omwe ambiri ndi ochokera m'midzi yozungulira pakiyo, adayambanso kuilemba m'makope awo.