Kuchokera pa kaseti kufika pa fulashi

Mukaima pa M1 pano pa Biriwiri, minibasi yochokera ku Ntcheu mumayamba kuimva isanaoneke n'komwe. Besi yokhayokha! Koma nyimbo zinalowa liti m'galimoto?

Mu 1930 ku Chicago, kampani ya Paul Galvin inatulutsa wailesi ya m'galimoto imene anthu wamba akanatha kugula, n'kuitcha Motorola. Philips inabweretsa kaseti mu 1963, ndipo kuno kwathu kasetiyo inadzavuta zedi m'ma 1990. Kafunseni amalume anu. Nyimbo za Lucius Banda ndi Alleluya Band a ku Balaka zinkalira tsiku lonse m'maminibasi, tepi ikatafunidwa kondakitala n'kumaikulunga ndi bolopeni ulendo uli mkati. Kenako kunabwera CD, ija inkadumpha pa bampu aliyense. Lero ndi fulashi ndi Bluetooth basi.

Chimene sichinasinthe chiyambire nthawi ya kaseti, aise, ndi batire la 12 volts. Wailesi payokha mphamvu yake ndi yochepa, n'chifukwa chake anthu amaonjezera ampulifaya. Ndiye inu amene mukusunga ndalama za kachewere kuti muike masipika m'galimoto ya achimwene, musatengeke ndi 3000W yolembedwa pa katoni. Funsani RMS, mphamvu imene sipika imapirira ikamalira osalekeza. RMS ya ampu ndi ya sipika ziyandikane, ma ohms agwirizanenso. Masipika ambiri a m'galimoto ndi a 4 ohms.

Ndalama zikachepa, yambani ndi masipika awiri abwino akutsogolo, subwoofer idikire. Koma fyuzi pafupi ndi batire yokha musaiwale. Waya wopanda fyuzi akasupuka n'kukhudza chitsulo, galimoto ya eni ake ipsa inu mukuona.