Abale athu anatsala ku Guerrero

Mwafunsa kumene ife a ku Sutiaba tinachokera, adzukulu anga. Khalani pansi ndikuuzeni.

Makolo athu sanali a kuno ku Nicaragua. Anachokera kumpoto, kumapiri a Guerrero m'dziko la Mexico, zaka mazana angapo Asipanya asanafike. Anatsika mpaka kudzapeza chigwa chachonde ichi m'munsi mwa mapiri ophulika a Maribios, namanga midzi, nalima chimanga. Anzawo anatsala kwawoko. Zidzukulu zawo zilipo, zimadzitcha a Me'phaa ngakhale ena amati a Tlapaneco, ndipo anthu oposa 100,000 akuyankhulabe chinenero chawo. Chathu ndi chawocho n'za bere limodzi.

Zinthu zinatembenuka mu 1610, pamene Asipanya anathawa zivomezi za kufupi ndi phiri la Momotombo n'kusamutsira mzinda wa León pakhomo pathu penipeni. Pamsika, m'tchalitchi, pabwalo la milandu, paliponse Chisipanishi. Mukalowa m'tchalitchi cha San Juan Bautista mudzayang'ane kudenga: pali dzuwa losemedwa pamtengo, lokhala ndi nkhope ya munthu. Akuluakulu amati analiikapo kuti makolo athu, amene ankalemekeza dzuwa, azilowa. Analowadi, koma mapemphero sanali m'chinenero chawo. Pofika 1902 Sutiaba analandidwa ufulu wodziyendetsa n'kukhala dera chabe la León.

Mjeremani wina, Walter Lehmann, atabwera cha m'ma 1909 anapeza okalamba owerengeka okha akukumbukira mawu a chinenero chathu, ena mwa apo ndi apo. Analemba zomwe anamva, ndipo ndi iye anazindikira kuti zikufanana ndi za ku Guerrero.

Kenaka ophunzira anayamba kutilimbirana. Mu 1925 Edward Sapir, pogwiritsa ntchito zolemba za Lehmann, anati tili m'banja la Hokan pamodzi ndi mitundu ina ya ku California. Ambiri anangovomera, poti munthuyo anali wotchuka. Calvin Rensch mu 1977 ndi Jorge Suárez mu 1986 ndiwo anaonetsa kuti banja lathu ndi la Otomangue, la Amixtec, Azapotec ndi Aotomi. A Chorotega, anansi athu omwewa amene chinenero chawonso chinafa, ali m'banja lomweli.

Chimandiwawa n'chakuti mkangano wonsewo unachitikira pamapepala, kutali ndi ife. Pamene Suárez ankaumaliza, kuno kunalibe ngakhale gogo mmodzi woti n'kumufunsa katchulidwe ka mawu amenewo.