Ukhondo

Ambiri akamva mawu akuti ukhondo amaganiza za kusamba ndi kuchapa. Tanthauzo lake limaposa pamenepo. Alangizi a zaumoyo akafika pakhomo ku Ntaja kapena ku Ulongwe sayamba ndi kuona ngati mwana wadzola mafuta; amafunsa za chimbudzi, bafa, thandala ndi dzenje la zinyalala. Zikasowa zimenezi, pakhomopo amati pali uve, ngakhale eni ake atatchena chotani.

Mawu akuti ukhondo amamveka ngati nkhondo, koma nkhondo ikabuka ukhondo ndiwo umayamba kusowa. Pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, yomwe idatha mu 1992, Malawi idasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Ena adalowera ku Machinga, boma la m'malire. Munthu wothawa amayamba wamanga msasa, chimbudzi amakumba pambuyo, ndipo sitingamudzudzule. Koma mvula ikagwa, zoipa za kutchire zimakokolokera m'zitsime. Mu 1990 kolera idabuka kumsasa wa Nyamithuthu ku Nsanje, nidwalitsa anthu ochuluka kwambiri.